Matayala odyeka mkati pa Njuli

Ukatsika minibasi pa Njuli, pamsewu wa M3 wolumikiza Blantyre ndi Zomba, chokulonjera choyamba ndi fumbi la malole onyamula miyala ya kukwale. Kuseri kwa amayi ogulitsa tomato kuli kashedi ka malata ka anyamata okonza matayala, ndipo pambali pake paunjikidwa matayala akutha. Ndinawatembenuza limodzilimodzi. Ambiri kunja akadali ndi mano, koma mkati mwasalala mpaka mawaya kuonekera. Galimoto zake zinkayenda matayala akutsogolo atayang'ana kosiyana, n'kumakhula phula m'malo mogudubuzika mowongoka.

Posakhalitsa inafika Sienta yonyamula anthu, yofiira ndi dothi la m'misewu ya kumidzi. Ina mwa misewu imeneyi idakumbika kwambiri ndi namondwe Freddy mu Marichi 2023, ndipo dzenje limodzi lokha, ukaligunda ukuthamanga, limatha kusokoneza miyendo ya galimoto.

"Achimwene, ikukokera kumanzere," adatero dalaivala.

Makaniko adayamba wayeza mphepo, popeza tayala lophwa nalonso limakoka galimoto. Kenako adaikweza pa jeke, n'kugwedeza tayala ndi manja awiri. Linkachita khwekhwerekhwe.

"Bwana, tairodi yatha. Tikapanga alayimenti musanaisinthe, mwataya ndalama."

Mawu amenewa adandikhutiritsa, chifukwa ena akadangolandira ndalamayo. Adandisonyezanso mmene amayezera alayimenti: chiwongolero amachiika pakati, chingwe amachikunga kuchokera kutayala lakumbuyo kufika kutsogolo, n'kumapotoza tairodi pang'onopang'ono mpaka mpata wa chingwe ndi limu ufanane. Chingwe chimathandiza pamenepo pokha. Tayala likapendekera mkati kapena kunja pamafunika makina a kompyuta, ndipo iye amauza eni galimoto kuti apite ku Limbe.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kudyeka kwa mkati sikuoneka ukaima pambali pa galimoto. Wokwera amaona mano akunja n'kukhala mtima uli m'malo, pamene mbali yobisikayo yatsala pang'ono kuphulika. Nthawi ya mvula tayala lotere limaterereka dalaivala akaponda buleki, ndipo masiku onse galimoto imamwa mafuta ochuluka.

Dalaivala uja adafunsa mtengo wa tairodi, n'kupukusa mutu. Adati mwini galimoto akudikira ndalama ya tsikulo, abweranso Loweruka. Adatsitsa galimoto pa jeke, adakweza amayi atatu ndi thumba la chimanga, n'kulowera cha ku Mbulumbuzi.