Kuchokera ku Chongoni Kutsikira ku Mua: Ulendo wa Masiku Atatu m'Boma la Dedza

Boma la Dedza lili ndi mbali ziwiri, kumtunda kozizira ndi kunsi kotentha kwa kunyanja. Tawuni ya Dedza ili pa makilomita pafupifupi 85 kummwera kwa Lilongwe, mumsewu wa M1, ndipo inakhala pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. M'Malawi muno mulibe tawuni ina yokwera chotere. Nyanja ya Malawi, imene imakhudza boma lomweli chakummawa, ili pa mamita osafika 500. Malo akale ndi ochititsa chidwi a m'bomali anandandalikana m'njira yotsika imeneyi: mapanga a zojambula ku Chongoni, phiri la Dedza, mishoni ya Bembeke, chitsikitsi cha Khwekhwerere, ndi Mua. Mtunda wake ndi waufupi, koma wofuna kuona bwino amafunika masiku atatu, chifukwa zimene amaziona pamiyala tsiku loyamba amakazimvetsa tsiku lomaliza.

Nyengo yabwino yoyendera dera limeneli ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, misewu ya fumbi itauma. Juni ndi Julayi kumtunda kumazizira kwambiri, ndipo mmawa nkhungu imaphimba msewu moti woyendetsa amayatsa nyali dzuwa litatuluka kale. Juzi ndi bulangeti siziyenera kutsala. Mu Seputembala ndi Okutobala kumafunda, koma utsi wa moto wa m'tchire umabisa mapiri akutali. Nthawi ya dzinja dziko limabiriwira ndipo maso amafika patali, koma njira zolowera ku mapanga zimaterera, mwina kudukiratu.

Msewu wa M1 ndi wa phula, ndipo pa Kalinyeke, kufupi ndi Dedza, pali chipata pamene magalimoto amalipira. Njira zopatukira ku Chongoni ndi za fumbi ndi miyala, choncho zimafuna galimoto yokwera bwino. Mafuta ndi bwino kuthiriratu ku Lilongwe kapena pa Dedza, tayala lapadera likhale ndi mpweya, ndipo mabuleki aonedwe ndi makaniko ulendo usanayambe, chifukwa tsiku lachitatu adzagwira ntchito yaikulu. M'thumba mukhale ndalama zing'onozing'ono zolipirira olondolera njira ndi kugulira zakudya m'misika. Wopanda galimoto akhoza kuyenda ndithu: maminibasi amadutsa mu M1 tsiku lonse, ndipo pa mphambano iliyonse pamakhala njinga zamoto za kabaza.

Tsiku loyamba ndi la Chongoni. Wochokera ku Lilongwe amene walawirira akhoza kuyamba wapatuka pa Kamphata kukaona Nkhoma, mishoni imene anakhazikitsa amishonale a Dutch Reformed Church mu 1896 patsinde pa phiri la dzina lomwelo. Nkhoma ali m'boma la Lilongwe, koma mbiri yake ndi yolumikizana ndi dera lonseli, ndipo mmodzi mwa atsogoleri a mishoniyi, William Murray, ndiye anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922. Akabwerera mu M1 n'kuwoloka mtsinje wa Diamphwe, walowa m'boma la Dedza. Apa mapiri a miyala amayamba kuoneka uku ndi uku, ndipo m'misika ya m'mbali mwa msewu monga Chimbiya ndi Linthipe mumadzaza mbatatesi, kabichi, anyezi ndi nyemba.

Dera la zojambula za pamiyala la Chongoni lili ndi malo 127 omwazikana m'nkhalango ya Chongoni ndi mapiri oyandikana nayo. Bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zojambula zake n'zamitundu iwiri. Zofiira, zimene zambiri ndi mizere, timadontho ndi zozungulira, n'za Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene ankakhala kuno Achewa asanafike. Zoyera n'za Achewa, ndipo anazipaka ndi dothi loyera. Zina mwa izo zimaonetsa zamoyo zotambalala miyendo ngati buluzi woonedwa kuchokera pamwamba, ndipo zinkagwira ntchito pa chinamwali cha atsikana, pamene anamkungwi ankalangiza anamwali. Zina n'za Nyau. Zojambula zambiri za Nyau si zakale kwambiri: zimagwirizana ndi nthawi imene Achewa ankathawira m'mapiri poopa nkhondo za Angoni, ndiponso nthawi yotsatira pamene amishonale ndi boma la atsamunda ankalimbana ndi gule.

Mwa malo 127 aja, alendo amafika kawirikawiri pa atatu. Chentcherere ndi wofikika msanga kuchokera ku tawuni ya Dedza, ndipo ndi pamene katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anakumba mu 1972. Kufikika kwakeko kwamupweteketsa, poti anthu ena analemba maina awo ndi makala pamwamba pa zojambula. Namzeze amafuna kukwera phiri wapansi, koma ndiye ali ndi zojambula za Nyau zooneka bwino. Mphunzi ali kumadzulo kwa M1, ndipo ali ndi mapanga angapo m'phiri limodzi, momwe zofiira ndi zoyera zimapezeka moyandikana. Tsiku limodzi limakwanira malo awiri, osati atatu onse.

Safunsa anadya phula. Mapangawa saoneka kuchokera pamsewu, ndipo tinjira ta m'minda timasocheretsa, choncho mlendo amayamba wapereka moni m'mudzi n'kupempha munthu womulondolera. Zojambulazo sazigwira, sazithira madzi kuti zioneke bwino pachithunzi, ndipo m'phanga sasonkhamo moto. M'dera lino gule akadali wamoyo. Wokumana ndi zilombo panjira amapatuka mwaulemu, sajambula asanaloledwe, ndipo kudambwe munthu wosalowa gule sayandikirako.

Tsiku lachiwiri limayambira m'tawuni ya Dedza. Phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, laimirira kumbuyo kwa tawuniyi, ndipo njira yopita ku zitsulo za mawailesi ndi mafoni zimene zili pamwamba pake imatenga maola angapo wapansi. Kukakhala kopanda nkhungu, munthu ali pamwambapo amaona mapiri a Angonia ku Mozambique mbali imodzi, mbali ina chigwa chotsikira kunyanja. Amaonanso zipsera za nkhwangwa, pakuti mitengo ya paini imene inkaphimba phirili inadulidwa yambiri. Patsinde pa phiri pali Dedza Pottery, imene inayamba mu 1987 ndipo imaumba makapu, mbale, miphika ya maluwa ndi matailosi. Pamalopa pali malo odyera ndi ogona. M'dera lomweli muli sukulu ya sekondale ya boma ya Dedza, yotchuka ndi dzina loti Box 48, imene inatsegulidwa mu 1951. Bingu wa Mutharika ndi Peter Mutharika onse anaphunzira pamenepa.

Kufupi ndi tawuni kuli chipata cholowera ku Mozambique, chimene tsidya lake ndi Calomue, panjira ya ku Ulongue ndi Tete. Kummwera kwa Dedza msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, moti malo ena nyumba za mbali imodzi ya msewu n'za ku Malawi, za mbali ina n'za ku Mozambique, ngakhale anthu ake ndi amodzi, olankhula chinenero chimodzi ndi kukwatirana. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, Malawi anasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo Dedza ndi Ntcheu ndi ena mwa maboma amene analandira ambiri.

Masana a tsikuli ndi a Bembeke, m'dera la Inkosi Kamenyagwaza. Ansembe a White Fathers anatsegula mishoniyi mu 1910, poyamba ngati malo opumulira amene afooka ndi kutentha ndi malungo a kunyanja. Pambuyo pake Bembeke anakula n'kukhala ndi tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Dedza ndi sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya St Joseph's. Dayosiziyi ndi imene anaitsogolera Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe mu mpingo wa Katolika mu 1937, ndiponso woyamba kukhala episkopi mu 1957. Dera la Bembeke ndi la mbatatesi, ndiwo zamasamba ndi mapichesi, ndipo woyenda amene akufuna kugula zopita nazo kwawo amagula kuno asanatsike.

Tsiku lachitatu ndi lotsika. Pa Masasa msewu umapatuka mu M1 kulowera kummawa, kudutsa Mganja, kukafika ku Golomoti. Chigawo chake chotsetsereka ndicho Khwekhwerere. Msewu ndi wa phula, koma umakhotakhota m'mbali mwa phompho, ndipo wodalira mabuleki okha amawatenthetsa asanafike pansi. Woyendetsa wodziwa amatsika ndi giya yaing'ono, sapitirira galimoto inzake pokhota, ndipo amaima pokhapokha pamene pali malo opatukira. Pa malo oterewa chigwa chonse chimaoneka, ndi nyanja ikunyezimira chapatali. Pofika ku Golomoti mitengo yasintha, milambe yayamba, ndipo juzi yavulidwa kale.

Kuchokera pa Golomoti, msewu wa M5 wolowera kumpoto umafika pa mphambano ya Mua. Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa ndi White Fathers mu 1902, patsinde pa mapiri, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Mu 1976 wansembe wa ku Canada, Claude Boucher, amene anthu anamupatsa dzina loti Chisale, anayambitsa pamenepa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni, kumene amisiri osema akhala akuphunzira ndi kugulitsa ntchito zawo. Nyumba yosungiramo zakale ya Chamare imafotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao, kuyambira kubadwa mpaka maliro, ndipo ili ndi zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, chilichonse ndi tanthauzo lake. Guleyu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005. Apa ndi pamene za ku Chongoni zimamveka: Kasiyamaliro ndi zilombo zina zimene ku Namzeze zinali dothi loyera pamwala, ku Chamare zimaoneka ndi thupi lake, mtundu wake ndi ntchito yake pamwambo. Ndi chifukwa chake ulendowu umakoma kuuyambira kumtunda. Nyumba ya Chamare imafuna maola osachepera awiri, ndipo wofuna kugona amapeza malo ku Namalikhate, pamishoni pomwepo.

Kumpoto kwa Mua kuli Mtakataka, likulu la Inkosi Kachindamoto ya Angoni a Maseko. Ufumu umenewu unamveka kutali pa nthawi ya Theresa Kachindamoto, chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. M'dera lomweli muli Mankhamba, malo amene kunali likulu la Kalonga wa Amaravi. Katswiri wa ku Malawi konkuno, Yusuf Juwayeyi, anakumbapo n'kupeza mikanda yagalasi, minyanga ya njovu, zinthu za mkuwa ndi zidutswa za mbale za ku China, umboni woti dera lino linkachita malonda ndi a kugombe la nyanja ya Indian zaka mazana angapo zapitazo. Pamalopo lero pali minda, choncho wofuna kupaona amafunsa njira kwa mafumu a m'deralo.

Kubwerera ku Lilongwe kuli njira ziwiri. Ya kufupi ndi mtima wa amene sanakhute mapiri ndiyo kukweranso Khwekhwerere kukalowa mu M1 pa Masasa, ndipo imeneyi imafuna kunyamuka dzuwa likadalipo. Inayo ndi kupitiriza ndi M5 kudutsa Chipoka mpaka Salima, kenako kukhotera mu M14 makilomita pafupifupi 100 kukafika mumzinda. Wolowera ku Blantyre kapena Zomba amatembenukira kummwera mu M5 momwemo, njira ya ku Balaka.