Ulendo wa Kuchipatala wa Anthu Osadwala

Kwathu kuno munthu akanena kuti mawa alawirira kuchipatala, funso limene limatsatira ndi limodzi basi: “Mwadwala chiyani?” Ngakhale chiyankhulo chathu chimaoneka kuti chidagwirizana ndi maganizo amenewa, pakuti wopita kuchipatala timamutcha wodwala ndipo womuperekeza timati wodwazika matenda. Munthu wabwinobwino amene wangopita kuti akamuone m’thupi tilibe dzina lomutchulira. N’chifukwa chake pamene ine ndi amayi anga tidaganiza zokapimitsa thupi lonse popanda pamene pakutipweteka, ntchito yaikulu idagwiridwira kunyumba, m’masabata atatu okonzekera ulendowo.

Chidatikankha ndi imfa ya bambo anga zaka zitatu zapitazo. Iwo adali msodzi komanso mlimi wa mpunga kufupi ndi nyanja ya Chilwa, munthu wamphamvu zake amene sadagonepo m’chipatala. M’mawa wina adagwa akumangirira katundu panjinga. Kamwa idapotoka, dzanja ndi mwendo wakumanja zidafa, ndipo patapita masiku anayi adatisiya. Pamaliro anthu ankanong’onezana kuti bambo adamenyedwa ndi hamala yamatsenga, mpaka ena adayamba kuloza chala agogo ena a m’mudzimo. Koma adokotala adali atatiuza kuti idali sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kumene kudakhala m’thupi mwawo zaka zambiri iwo osadziwa.

Nditabwerera kuno ku yunivesite ndidafuna kumvetsa nthenda imeneyi, ndipo ndidapeza kuti bambo sadali okha. M’chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi bungwe la World Health Organization udachita kafukufuku wotchedwa STEPS pakati pa Amalawi a zaka 25 mpaka 64. Zotsatira zake zidaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse adali ndi BP yokwera, ndipo mwa anthu amenewa oposa 9 mwa 10 sankadziwa n’komwe. Anthu pafupifupi 6 mwa 100 adali ndi matenda a shuga. Kuipa kwa BP n’kwakuti siipweteka. Magazi amangokankha mitsempha mwamphamvu usana ndi usiku, mtima umatopa, impso ndi maso zimaonongeka pang’onopang’ono, kufikira tsiku limene mtsempha wa muubongo umaphulika kapena kutsekeka. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m’kati muli nyerere.

Patchuthi chotsatira ndidawauza amayi maganizo anga tili kupeta mpunga. Adaimitsa lichero nandiyang’ana nthawi yaitali.

“Mwanangu, matenda sasakidwa ngati mbewa. Ukakumba una uliwonse, tsiku lina udzagwira njoka.”

“Amayi, njokayo ikakhala kuti ili kale m’nyumba, kodi si bwino tiidziwe pamene yagona?”

Sadandiyankhe tsiku limenelo. Patapita masiku awiri adandiitana m’mamawa nandiuza kuti avomera, pokhapokha nanenso ndikapimidwe zonse zimene iwo akapimidwe. Ndidavomera, ngakhale kuti ndili ndi zaka 24 zokha pamene iwo ali ndi 47.

Choyamba chimene namwino wina wa kumpingo kwathu adatilangiza chidali kulemba mbiri ya matenda a m’banja mwathu, chifukwa BP, shuga ndi mitundu ina ya khansa zimakonda kuyenda m’magazi a pachibale. Ntchito imeneyi idali yovuta kuposa mmene ndinkaganizira. Ife Achewa ndi Anyanja sititchula imfa ndi dzina lake. Ukafunsa chimene chidapha munthu amangoti “adangodwala pang’ono,” “udali mutu waukulu,” kapena “adatupa miyendo.” Ndidapita kwa azakhali anga, alongo awo a bambo, nditanyamula kope ndi cholembera. Poyamba adakwiya, poganiza kuti ndikufuna kudzutsanso nkhani ya hamala ija. Nditawafotokozera bwinobwino adakhala pansi nayamba kukumbukira. Agogo aamuna adafa ziwalo mbali imodzi ndipo adakhala chigonere chaka chathunthu. Mchimwene wawo wina ankamwa madzi kwambiri, ankadzuka kambirimbiri usiku kukataya madzi, adaonda, ndipo bala la kuphazi lidakana kupola. Azakhali sadatchule mawu oti sitiroko kapena shuga, koma zizindikiro zimene adafotokoza zidali zokwanira kuti adokotala amve. Ndidazilemba m’mawu awo omwewo, osasintha kanthu.

Chachiwiri chidali kudziwa zoti zikapimidwe ndi kumene tikapimitse. M’zipatala za boma chithandizo n’chaulere, ndipo BP, sikelo, HIV ndi khomo la chiberekero amapima ngakhale m’zipatala zambiri zing’onozing’ono. Koma kupima mafuta a m’magazi, kagwiridwe ntchito ka impso ndi chiwindi kumafuna labotale yokhala ndi makina ake. Tidasankha chipatala china cha mishoni chimene chimalipiritsa, kuti zonse zikatheke tsiku limodzi. Ndidapitako ndekha sabata imodzi ulendo usadafike kukafunsa mitengo, tsiku limene adokotala amapezeka ndi zimene tiyenera kuchita tisadabwere, poti safunsa adadya phula. Amayi adagulitsa matumba awiri a mpunga, ine ndidaonjezera kandalama kamene ndidasunga pophunzitsa ana a Fomu 4 patchuthi. Amalume atamva adapukusa mutu, nati ndalama ya feteleza tikukaipereka kwa adokotala popanda wodwala. Mawu awo adali ndi nzeru zake, chifukwa kumudzi ndalama iliyonse imakhala ili ndi ntchito kale isadalowe m’thumba. Koma ine ndinkakumbukira zimene tidaononga m’masiku anayi a matenda a bambo ndi pamaliro pawo, kuphatikizapo bwato limene tidagulitsa.

Chachitatu chidali nkhani ya chakudya. Adatiuza kuti magazi opimira shuga amatengedwa munthu atakhala maola osachepera 8 osadya kanthu, koma madzi okha akhoza kumwa. Shuga wa munthu wosadya akafika pa 7.0 kapena kupitirira, ndipo akabwerezanso n’kupeza chimodzimodzi, ndiye kuti ali ndi matenda a shuga. Kusala kudya sikudawavute amayi, poti adazolowera kumpingo. Chimene chidandiseketsa n’chakuti kutatsala sabata imodzi adasiya kuthira shuga mu tiyi ndipo ndiwo adayamba kuphika zopanda mchere. Nditawafunsa adati, “Ndikufuna ndikakhoze.” Apa ndidaona mmene mawu amasocheretsera munthu. Kuyezetsa ndi mayeso zimachokera ku tsinde limodzi, choncho amayi ankakonzekera ngati mwana wa Sitandade 8. Ndidawafotokozera kuti adokotala akufuna kuona thupi la masiku onse, lodya usipa wamchere ndi therere la soda, chifukwa ndi thupi limenelo limene tidzabwerere nalo kunyumba. Ndidawauzanso kuti pali kapimidwe kena kotchedwa HbA1c kamene kamaonetsa mmene shuga wakhalira m’magazi kwa miyezi iwiri kapena itatu, kotero kuti sabata imodzi ya kudziletsa siingabise kanthu. Za mchere tidagwirizana kuti tidzachepetsa ndithu mpaka kalekale tikabwerako, pakuti a WHO amalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing’ono imodzi.

Usiku womaliza tidasonkhanitsa mankhwala onse a m’nyumba. Amayi adatulutsa mapiritsi a Brufen amene amagula pagolosale msana ukawawa pochokera kudimba. Mankhwala a mtundu umenewu akamamwedwa kawirikawiri amatha kukweza BP ndi kuvulaza impso, choncho adokotala ayenera kudziwa. Padalinso botolo la madzi a masamba a nimu ndi mizu ina imene adapatsidwa ndi anzawo. Izi amayi sadafune kunyamula, poopa kukalipiridwa. Tidamvana kuti mabotolowo atsale koma maina ake ndilembe m’kope, ndipo adokotala akafunsa ndidzayankhe ndine. Tidafunafunanso mabuku athu a kuchipatala. La amayi lidapezeka pansi pa sutikesi, ndipo tsamba lomaliza kulembedwa lidali la sikelo ya mng’ono wanga amene tsopano ali ku sekondale. Ichi chidandionetsa kuti mayi wa kumudzi amapimidwa BP ali woyembekezera basi, akasiya kubereka palibenso amene amamumanga lamba pamkono.

Nkhani yolemera kuposa zonse idali ya khomo la chiberekero. Mwana wamkazi sakamba zotere ndi mayi ake, ndipo ndidachita kupempha namwino uja kuti abwere adzayankhule nawo ine nditatuluka panja. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri padziko lonse, chonsecho ndi khansa imene imapereka nthawi. Kachilombo ka HPV kamene kamaiyambitsa kamatenga zaka zambiri kasadasandutse khomo la chiberekero kukhala khansa, ndipo amayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa anzawo. Kapimidwe kofala kuno n’kosavuta: namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo malo amene ayamba kusintha amayera. Akapezeka msanga amatha kuwotchedwa ndi kachipangizo tsiku lomwelo. Kuyambira mu 2019 atsikana a zaka 9 adayamba kulandira katemera wa HPV m’dziko muno, koma amayi ndi ine tidabadwa kale, chathu n’kupimitsa. Amayi adapempha zinthu ziwiri: kuti akawaone ndi munthu wamkazi, ndiponso kuti tsikulo lisakumane ndi masiku awo a kumwezi. Zonsezi tidazikonza. Pomaliza iwo eni adaseka nati mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Tidaonjezapo likodzo, chifukwa tonse tidakulira m’madzi a m’minda ya mpunga mmene mumakhala nkhono zofalitsa nthendayi. Mazira ake amaoneka bwino mu mkodzo wa chakumasana, pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko, choncho tidadziwiratu kuti magazi tikapereka m’mawa koma mkodzo tikadikira dzuwa likwere. Za HIV tidakambirana mwachidule koma moona mtima. Mankhwala a ma ARV akhala akuperekedwa mwaulere m’dziko muno kuyambira mu 2004, ndipo tonse tikudziwa anthu amene ali moyo lero chifukwa cha mankhwalawa. Komabe mantha sasowa. Tidapangana kuti aliyense akalowa yekha kwa aphungu, ndipo akatuluka ali ndi ufulu wonena kapena kusunga zotsatira zake. Tidapangananso kuti chilichonse chimene chikapezeke, amalume ndi abale ena adzamva kuchokera kwa mwini wake.

Tsikulo tidanyamuka kusadache, m’chikwama muli mabuku, kope lija, botolo la madzi ndi mbatata yophika yoti tidye akatha kutenga magazi. Tidavala malaya a manja aafupi kuti lamba wa BP asavute. Titafika ndidawakumbutsa amayi kuti ayambe akataya madzi, kenaka akhale phee mphindi zisanu, osayankhula, mapazi ali pansi, chifukwa munthu wongotsika panjinga ya kabaza magazi ake amakhala akuthamanga kale. Makina adaonetsa 162/98, pamene malire ake ndi 140/90. Adokotala adati kupima kamodzi sikokwanira, ndipo adawauza kuti abwerenso tsiku lina. Atabwerera manambala adali okwerabe, choncho adayamba kumwa mankhwala ndipo Brufen adaletsedwa. Shuga, impso ndi khomo la chiberekero zidali bwino. Ine adandipeza ndi mazira a likodzo, ngakhale kuti ndidali ndisadaonepo magazi mu mkodzo wanga, ndipo adandipatsa mapiritsi a praziquantel oti ndimwe nditadya.

Kunena zoona, kupimitsa sikudathetse nkhawa zathu zonse. Amayi ayenera kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku ngakhale akumva bwino, ndipo mwezi ndi mwezi pamafunika ndalama ya ulendo wokatenga ena. Mchere wochepa wabweretsa madandaulo pa mphasa yodyera, makamaka kwa mng’ono wanga. Kope lija la mbiri ya banja ndidalisiya kumudzi, ndipo tsopano lili ndi masamba asanu, poti amayi akumaonjezeramo za kuchimuna ndi kuchikazi komwe akakumbukira. Azakhali, amene ali ndi magazi amodzi ndi malemu bambo, atumiza uthenga kuti mpunga ukakololedwa ndikawaperekeze nawonso. Afunsa ngati kusala kudyako kumaletsanso fodya wawo wa m’mphuno, ndipo ndawayankha kuti m’mawa umenewo kabotolo kake katsale kunyumba.