Katochi kanga katsopano

Mundikhululukire ndasowa, teremu ino mayeso oyeserera a Folomu 4 atigwira pakhosi. Lero ndikufuna ndikambe za kanthu kakang'ono kamene ndinagula masabata atatu apitawo: tochi. Musaseke, pali nkhani.

Chinandichititsa kugula ndi manyazi. Tsiku lina usiku ndikuchonga mapepala a Physics, magetsi anathima. Ndinayatsa kandulo n'kuimika pa kambale. Cha m'ma 11 koloko ndinayamba kusinza, chigongono chinagunda kandulo ija n'kugwera pa mulu wa mapepala. Ndinazimitsa msanga, koma pepala la mtsikana wina linali litapsa theka. Mwana ameneyu amayenda mtunda wautali kubwera kusukulu, ndipo mbali inapsayo ndi ya mafunso a magetsi amene anawavutikira teremu yonse. M'mawa ndinamuitana n'kumuuza zoona. Iye anangoti, "Palibe kanthu aphunzitsi, ndilembanso." Analembadi, koma ine mtima sunakhale m'malo.

Loweruka lake ndinapita ku tauni. Wogulitsa atanditulutsira katochi kameneka ndinayamba ndakayikira. Kutalika kwake sikaposa chikhatho changa, ndipo kamakwana m'thumba la malaya pamodzi ndi bolopeni. Ine ndinakulira tochi ya bambo anga, yachitsulo, ya mabatire akuluakulu atatu. Inkakhala kumutu kwa bedi, mwana osaikhudza. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kapena kuwamenya ndi mwala kuti atsitsimuke. Ndiye kwa ine tochi yeniyeni imayenera kulemera.

Usiku woyamba ndinatuluka panja n'kuyatsa. Abale, kuwala kunakafika mpaka pa mtengo wa mango kuseri kwa bwalo la mpira! Mayi akunyumba, amene masana anati ndataya ndalama pa chidole, anangoti, "Tabweretsani ndione." Sanandibwezere mpaka atatha kutsuka mbale.

Poti ndine mphunzitsi wa sayansi, ndiloleni ndifotokoze pang'ono. Babu ya tochi ya bambo anga inali ndi kawaya ka tungsten kamene kamawala chifukwa chotentha kwambiri. Mphamvu yambiri ya batire inkathera m'kutenthako, yochepa yokha n'kusanduka kuwala. Kangaka kali ndi LED, imene sidalira kutentha kuti iwale. LED yoyera kwenikweni ndi yabuluu, koma anaikuta ndi mankhwala achikasu otchedwa phosphor, ndipo mitundu iwiriyi ikasakanikirana maso athu amaona zoyera. Anthu atatu obadwira ku Japan amene anatulukira LED yabuluu yowala bwino, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Batire yake ndi imodzi, ya mtundu wa 18650. Nambalayo ikunena kukula kwake: mamilimita 18 m'mimba mwake, 65 m'litali. Imatulutsa ma volt pafupifupi 3.7, pamene akale aja amatulutsa 1.5 iliyonse, ndipo imatchajidwa ndi chingwe cha foni.

Pochonga mapepala ndaphunzira kuti osaunika papepala penipeni, maso amawawa. Ndimakaika m'kapu n'kukalozetsa kukhoma lopaka laimu, kuwala kumabwerera kofewa n'kudzaza tebulo lonse. Popita kuchimbudzi usiku sindiyendanso mongoganizira, makamaka poti udzu wakula ndipo njoka sizisowa. Ndaunikirapo nkhuku m'khola, ndafunirapo singano pansi pa mpando.

Koma ndisakanamizeni, zovuta zilipo. Kakayaka mwamphamvu kamatentha m'manja ndipo moto umatha msanga, choncho ndimagwiritsa kuwala kwapakati. Kuchepa kwakeko kamasowa pafupipafupi. Tsiku lina ndinakafuna nyumba yonse, n'kukapeza m'bulangete mwa mwana wanga wachisamba. Vuto lalikulu ndi lakuti kamafunanso magetsi omwewo. Ukaiwala kutchaja pamene ayaka, usiku uli mu mdima ngati kale. Amene tinaona mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, tikudziwa kuti magetsi akabwera sudikira mawa.

Sabata yatha ndinapita nako m'kalasi pophunzitsa za mphamvu. Nditatha ndinafunsa ana kuti usiku amawerengera chiyani. Ena kandulo, ena tochi za mabatire, mmodzi koloboyi. Mtsikana wa pepala lija anati amadikira foni ya mayi ake, ikakhala ndi moto. Ikathima amatseka kope n'kugona. Ndinachita manyazi kachiwiri. Ine ndinamuwotchera pepala chifukwa cha tulo, iye amafuna kukhala maso koma alibe chounikira.

Ndinakambirana ndi mayi akunyumba, ndipo tinagwirizana kuti abwereke katochika mpaka atalemba MSCE. Sindinamupatse ndekha ayi, mukudziwa pakamwa pa anthu. Kanadzera kwa mayi aphunzitsi a kalasi yawo, makolo ake akudziwa. Lolemba ndi Lachinayi amabwera nako kuti ndikatchaje mu ofesi.

Ndiye pano ndabwerera ku kandulo, koma mapepala a ana ndikuchongera kusukulu dzuwa lisanalowe. Mwezi ukatha ndikagula kena. Mayi akunyumba anena kale kuti ndigule tiwiri.