Chifundo cha Eni Magolosale Akale

Chichitikireni ngozi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe ndipo anthu oposa 1,000 anafa m'chigawo cha kumwera, nyuzipepala ndi masamba a Facebook zazolowera kuonetsa chithunzi cha mtundu umodzi, cha akuluakulu a kampani atavala masuti, atagwirizira cheke chachikulu ngati chitseko, kumbuyo kwawo kuli ndowa ndi mabulangete osanjikizidwa bwino. Munthu amene saonekanso pa malo a ngozi masiku ano ndi mwini golosale wa pa kamsika ka kumudzi, yemwe kale ankatulukira ndi lole yake asanaitanidwe ndi wina aliyense, ndipo pochoka sankasiya dzina lake pa thumba la ufa.

Anthu a mtundu umenewu anachuluka m'zaka za m'ma 1970, boma litalamula amwenye kuti achoke m'midzi n'kukachitira malonda awo m'mizinda ikuluikulu yokha. Masitolo amene anatsala anagwa m'manja mwa Amalawi, ambiri mwa iwo amuna amene anabwerako ku migodi ya ku Joni kapena ku Rhodesia ndi kampamba kochepa, ndipo amene zinawayendera ankakhala ndi golosale, chigayo ndi lole imodzi yokapikulira katundu ku Chipiku. Pa kauntala pankakhala kabuku ka ngongole kakuda ndi thukuta, momwe munkalembedwa mchere, sopo ndi palafini amene mabanja atenga poyembekeza kudzabweza akagulitsa zokolola ku ADMARC. Munthu wotereyu ndiye anali mpondamatiki wa dera lonse, koma anthu ankamuitana ndi mfunda wake, ndiye kuti dzina la mtundu, monga aPhiri kapena aMbewe, ndipo iye akakumana ndi mfumu ankavula chipewa n'kunjuta monga wina aliyense.

Ana amene ankakulira m'mphepete mwa mapiri a Mulanje ndi Michesi, ndipo wolemba nkhani ino anali mmodzi mwa iwo, anaona khalidwe la anthu amenewa poyera mu Marichi 1991, pamene napolo anawononga Phalombe. Napolo ndi madzi ophulika m'phiri mwadzidzidzi atanyamula miyala ndi mitengo, amene makolo ankati ndi chinjoka chosamuka kuchoka kuphiri kupita kunyanja, ndipo wa chaka chimenecho anapha anthu mazanamazana, moti ndiye anachititsa kuti dziko likhale ndi lamulo loyang'anira ngozi zogwa mwadzidzidzi. Chimene ana anasunga m'mitima ndi lole ya mwini golosale, imene masiku onse inkanunkha fodya ndi nsomba zouma, ikuyenda usana ndi usiku kunyamula ovulala kupita nawo ku chipatala cha mishoni ndi kubweza mitembo kumidzi. Nsalu zimene zinali pa shelefu zinatsitsidwa kuti zikulunge akufa, chigayo chinagaya chimanga cha anamfedwa popanda kufunsa tambala, ndipo mwini wake ankachezera pa moto wa pasiwa pamodzi ndi amuna anzake, thalauza lili matope mpaka m'maondo. Pa mwambo wa maliro, powerenga chipepeso, dzina lake linkatchulidwa pakati pa mayina ena, ndi mawu omwewo amene ankatchulira mayi wamasiye amene wabwera ndi kambale ka ufa.

Zaka zimenezo, kuyambira cha m'ma 1986 mpaka 1994, zinali zowawa, komabe ndi zimene anthu a msinkhu umenewo amazikumbuka ndi mtima wofewa. Nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira kuno anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo ku Mulanje, Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza ambiri anayamba alandiridwa m'makomo ndi m'makhonde a masitolo mabungwe akunja asanamange misasa. Kenaka kunagwa chilala cha 1992, chimene chinadyetsa anthu nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja, ndipo m'miyezi imeneyo kabuku ka ngongole kanadzaza mpaka pachikuto popanda woumirizidwa kubweza. Amayi ankabwera ku chigayo madzulo kudzasesa madeya, ndipo mwini chigayo wodziwa ulemu ankayamba walowa m'nyumba kuti asawaone nkhope, pozindikira kuti njala imabwera ndi manyazi ake. Wofuna thandizo ankapatsidwa ganyu, ngakhale yongosenza matumba awiri, kuti pobwerera kwawo anene kuti wagwira ntchito.

Kungakhale kunama kunena kuti onse anali oyera mtima, pakuti analipo oumira, analipo okweza mitengo nthawi ya njala, ndiponso kudzichepetsa kwa ena kunali ndi mantha mkati. Pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi kunali lamulo lolola boma kulanda katundu wa munthu, kotero kuti kuonetsera chuma kunali kudziitanira tsoka, ndipo kumudzi wolemera wodzipatula sankachedwa kunenedwa kuti ndi wokhwima, ndiye kuti wopeza chuma mwa mankhwala. Koposa zonsezi kunali adzukulu, amuna okumba manda, amene ankatha kuika makasu pansi pa maliro a banja limene silipita ku maliro a anzawo. Mwini golosale ankadziwa kuti tsiku lake likadzafika adzanyamulidwa ndi anthu omwewo amene ali m'kabuku kake, ndipo mwambi wakuti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe unali nkhani yoona ndi maso. Ngakhale zinali choncho, chifundo chophunzitsidwa ndi mantha chinkafikabe pakhomo la wovutika chili ndi nkhope ya mnansi, ndipo wolandira sankachoka atachepa.

Thandizo la masiku ano ndi lalikulu kuposa la kale, ndipo lole imodzi sikanakwanitsa zimene mabanki ndi makampani a mafoni anapereka pa madzi osefukira a 2015, pa namondwe wa Idai mu 2019 kapena wa Ana mu 2022. Nzika wamba nazonso zapeza njira yosonkhera kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, monga zinachitikira mu 2021 pamene wolemba mabuku Stanley Onjezani Kenani anatsogolera ntchito yogulira zipatala zipangizo za mpweya nthawi ya Covid-19. Chodandaulitsa ndi kaperekedwe, pamene agogo otaya nyumba ndi zidzukulu zawo amakhalitsidwa padzuwa kudikira mlendo wolemekezeka, kenaka n'kuuzidwa kuti akweze ndowa m'mwamba ndi kumwetulira kuti wojambula atole bwino chizindikiro cha kampani.

Chimene chasintha kwenikweni ndi mtunda umene uli pakati pa wopatsa ndi wolandira. Wolemera wa lero amakhala kumpanda mumzinda, ndipo maliro ake adzayendetsedwa ndi kampani yolipidwa, n'kukaikidwa ku manda a HHI ku Blantyre kapena a ku Area 18 ku Lilongwe, kumene adzukulu a kumudzi alibe chonena. Mudzi ulibenso chomugwirira, choncho kudzichepetsa kumene kale anthu ankamuphunzitsa ndi makasu awo kwatsala m'manja mwake, kuti asankhe yekha ngati atsike m'galimoto n'kukhala pansi ndi anamfedwa. Alipo ochepa amene amasankha motero popanda wowakakamiza, ndipo amenewo ayenera ulemu woposa umene unkapita kwa eni magolosale akale.