Chifukwa chake zipangizo zamagetsi zinasiya kukonzeka

Mpaka m'zaka za m'ma 1990, chipangizo chamagetsi chikawonongeka chinkapita kwa mmisiri. Wailesi za Nzeru, zomwe zinkapangidwa m'Malawi momwe muno, ankazitsegula ndi sikuludiraiva wamba. Wokonza ankayeza tizipangizo tam'kati kamodzikamodzi, n'kuchotsa kopsako, n'kuwotcherera kena, wailesi n'kuyambanso kulira. Ngakhale foni ya Nokia 3310, yomwe inatuluka mu 2000, mwini wake ankaisintha yekha batire.

Zinthu zinatembenuka pamene mafoni amakono anafala, makamaka iPhone itatuluka mu 2007 ili ndi batire lotsekeredwa m'kati. Opanga ambiri anatengera njira yomweyo. Lero sikirini imamatidwa ndi guluu, ndipo tizipangizo tam'kati n'tating'ono moti wokonza amafunika makina apadera kuti atione bwino. Makampani amati amatero kuti foni ikhale yopyapyala ndiponso isalowe madzi. Zimenezi n'zoona, koma si zokhazo: kampani imapindula kwambiri ikagulitsa foni yatsopano kuposa ikagulitsa batire.

Maganizo ofupikitsa dala moyo wa katundu sanayambe lero. Mu 1924, makampani opanga mababu, kuphatikizapo Osram ndi Philips, anagwirizana ku Geneva kuti babu lisamayake kupitirira maola 1,000. Chasintha ndi njira yake. Masiku ano foni ikhoza kukalamba ili yabwinobwino, opanga akangosiya kuitumizira mapulogalamu atsopano. Posakhalitsa WhatsApp imaikana. Mu 2017 kampani ya Apple inavomera kuti inkachepetsa liwiro la mafoni okhala ndi mabatire otopa, ponena kuti inkafuna asamazime mwadzidzidzi. Mu 2020 dziko la France linailipiritsa mayuro 25 miliyoni chifukwa chosauza ogula.

Mtolo waukulu umagwera anthu a kuno, omwe ambiri amagula mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito. Amisiri a ku Limbe ndi mu msika wa Lilongwe akadali ndi luso lodabwitsa, amakhadzula foni yakufa kuti adzutse inzake, koma mtengo wa sikirini ukayandikira wa foni yeniyeniyo, mwini wake amangogwa ulesi.

Malamulo ayamba kubweza zina mwa zomwe zinatayika. Mu 2021, France inayamba kulamula kuti mafoni ndi makompyuta am'manja azionetsa mapointi osonyeza kukonzeka kwake. Bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo la mabatire mu 2023, lofuna kuti pofika 2027 zipangizo zambiri zikhale ndi mabatire osinthika, ndipo mu 2024 linawonjezera lina lokakamiza opanga kukonza katundu wina pa mtengo woyenera.