Kompyuta ya bambo sinafe

Nditabwerera kwathu ku Nsabwe, digiri ili m'chikwama koma ntchito osaoneka, ndinapeza kompyuta ya malemu bambo ili pakona, ataifunditsa chitenje. Bambo anaigula motchipa ku ofesi ya esiteti ya tiyi komwe anali kalaliki. Ndi ya Windows XP, ikayaka imalira ngati chigayo. Amayi anali atapangana kale ndi wogula zitsulo.

"Amayi, mundipatseko sabata imodzi," ndinawachonderera.

Ndinkafuna mng'ono wanga Chiko, wa Sitandade 7, aikonde. Magemu a masiku ano singawakwanitse, ndiye ndinakumbukira a shareware. Cha m'ma 1990, opanga magemu ankapereka gawo loyamba ulere, n'kuloleza kuti mukoperane. Ukalikonda, umagula zotsalazo. Ngati mayi wa mtedza pamsika uja amati lawani kaye.

Ndinawakopera pafoni n'kuwasamutsa ndi chingwe, pamodzi ndi DOSBox, pulogalamu yaulere yoyendetsa magemu a DOS. Musadandaule za bandulo: gawo laulere la Doom silifika ngakhale 5MB.

Ngati nanunso muli nacho chikompyuta chotere, yambani ndi Commander Keen (1990): kamnyamata ka zaka 8 kasochera ku Mars, kakusaka zida zokonzera chombo chake. Jazz Jackrabbit (1994) ndi kalulu wobiriwira, waliwiro, nyimbo zake zokoma heve. Tyrian (1995), ya ndege zowomberana, inamasulidwa yonse mu 2004, mulibe cholipira. Doom (1993) ndi ya akuluakulu, muli magazi ndi ziwanda. Imeneyi ndimasewera ndekha Chiko akagona.

Masiku a chiperoni, nkhungu itaphimba minda ya tiyi, tinkangokhala pamenepo mpaka magetsi atathima. Chomwe sindinayembekezere n'chakuti DOSBox imafuna uzilemba wekha malamulo: mount, cd, dir. Chiko, yemwe anali asanagwirepo kiyibodi, anawaloweza m'masiku atatu. Kenako anayamba kufunsa tanthauzo la mawu achingerezi a pa sikirini. Dzulo ndamupeza akutaipa dzina la bambo mu Notepad, chala chimodzichimodzi, pa mabatani omwe zala zawo zinafufuta zilembo.

Wogula zitsulo uja anabweradi Loweruka, sikelo ili panjinga. Amayi anasuzumira kuchipinda, anamuona Chiko, n'kutuluka.

"Pepani bambo," anatero, "eni ake akuigwiritsa ntchito."