Kaundula wa khofi ku Misuku

Ntchito yanga ndi ya ulembi. Mlimi akatsika ndi khofi wake wofiira kuchokera kufupi ndi nkhalango ya Mughese kapena Wilindi, amandipeza pambali pa sikelo, ndipo ndimalemba dzina, mudzi, tsiku ndi makilogalamu. Ndalama zimabwera patapita miyezi. Pakabuka mkangano, mboni ndi zomwe ndinalembazo.

Adani a buku ndimawadziwa: chiswe, makoswe ndi chinyontho cha m'mapiri muno, chomwe chimameretsa chuku pachikuto. Shelefu uitalikitse ndi khoma, mabuku uziwaonetsa dzuwa, basi. Buku la nthawi ya Smallholder Coffee Authority, bungwe lomwe linatha mu 1999, ukalipeza lero ungolitsegula n'kuwerenga.

Kompyuta ndiye ina. Imawerengetsa msanga, sindikana, koma siichenjeza ikamadwala. Chiswe chimasiya dothi, umaona kuti chalowa. Fulashi imangokana kutseguka m'mawa wina. Madisiketi omwe maofesi ankasungiramo zinthu kale alipobe m'madirowa, koma makina owawerenga mudzawapeza kuti? Mlembi wina amachoka ntchito ndi pasiwedi m'mutu, chaka chonse cha alimi n'kutsekeka. Nchifukwa chake Lachisanu lililonse ndimakopera zonse pawiri, kope lina n'kukagona nyumba ina. Fayilo ndimaitchula ndi chaka ndi dera, osati dzina langa. Nyengo yokolola ikatha ndimasindikiza papepala, atsogoleri a alimi n'kusainira. Anyamata amandiseka kuti ndine wachikale. Aseke.

Malamulo alipo. La 2016 lokhudza ntchito za pa intaneti limavomereza zolembedwa pa kompyuta, ndipo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani linayamba kugwira ntchito mu 2020. Nanga munthu adzapeza bwanji nkhani yomwe inafera mu laputopu? Nyumba yosunga mbiri ya dziko ku Zomba inayamba mu 1947 ndipo lamulo lake ndi la 1975, nthawi ya mataipi ndi kaboni.

Inu a boma, tilembereni mfundo zomveka: fayilo isungidwe mumtundu wanji, kwa zaka zingati, ikoperedwe liti, ndipo mlembi akachoka makiyi asiyire ndani. Mfundozo zisathere ku Capital Hill. Zifike kuno ku Chitipa, kwa mlembi wa kuchipatala, wa kusukulu, wa bwalo la mfumu, ndi ife a pasikelo.